Semina ya Mbiri ya Mpingo Woyamba: Malikisi Amachokera Pati?

Ulongwe, likulu la boma la Angónia m'chigawo cha Tete, ambiri amaidziwa chifukwa cha mbatatesi ndi chisanu cha mu June. Koma m'tawuniyi mulinso sukulu za ukachenjede. Universidade Zambeze ili ndi nthambi yake ya zaulimi, ndipo mpingo wa Igreja Reformada em Moçambique uli ndi Hefsiba, imene inatsegulidwa mu 1994, patangopita zaka ziwiri nkhondo ya pachiweniweni itatha, kuti izisula abusa. Pambuyo pake boma linaivomereza monga Instituto Superior Cristão. Aliyense wofuna digiri ya zaumulungu, kaya ndi kuno, ku Nkhoma, ku Zomba kapena ku Justo Mwale ku Lusaka, sangalambalale mbiri ya mpingo wa zaka 500 zoyambirira. Phunziroli likamaperekedwa mwa semina limadabwitsa ngakhale anthu amene akhala pa gome zaka zambiri: munthu amagwedeza tchalitchi Lamlungu, Lachiwiri n'kukapeza 9 pa 20 pa pauta, pepala la zotsatira. Mafunso otsatirawa ndi amene amavuta ophunzira atsopano komanso akulu a mpingo amene amawalipirira fizi.

Semina ikusiyana pati ndi kalasi imene tinazolowera?

M'kalasi wamba aphunzitsi amayankhula, inu n'kumalemba, ndipo pa mayeso mumawabwezera zawo zomwe. Mu semina ophunzira amakhala ochepa, onse amabwera atawerenga kale chikalata chimodzi chakale, ndipo aphunzitsi ntchito yawo ndi kufunsa. Mlungu uliwonse mmodzi kapena awiri amatsegula zokambirana. Amene sanawerenge amadziwika msanga, poti palibe benchi yakumbuyo yobisalako.

Zikalata zake ndi ziti? Si Baibulo lomweli?

Chipangano Chatsopano ndi poyambira chabe. Zambiri zimene mudzawerenge zinalembedwa atumwi atamwalira kale. Pali kalata imene mpingo wa ku Roma unalembera wa ku Corinth cha mu 96, yotchedwa 1 Clement. Pali makalata 7 a Ignatius wa ku Antioch, amene anawalemba ali pa ulendo wokaphedwa ku Roma. Pali kabuku ka malangizo a mpingo kotchedwa Didache, kamene kanasowa zaka mazanamazana mpaka Philotheos Bryennios anakapeza ku Constantinople mu 1873. Kameneka sikachedwa kuutsa mkangano, chifukwa kamalangiza kuti mlendo wodzitcha mtumwi akakhalitsa mpaka masiku atatu, kapena akapempha ndalama ponyamuka, mudziwe kuti ndi wachinyengo. Ophunzira amayamba kutchula mayina a aneneri a masiku ano, ndipo aphunzitsi abwino amawaseketsa pang'ono n'kuwabweza ku chikalata.

Kenako Africa imalowa m'nkhaniyi, ndipo siitulukanso. Mlandu wa Akhristu a ku Scilli, amene anaweruzidwa ku Carthage pa 17 July 180, uli m'gulu la zolemba zachikhristu zakale kwambiri zimene tili nazo m'Chilatini. Perpetua ndi Felicitas anaphedwa mumzinda womwewo mu 203. Tertullian ndi Cyprian anali a ku Carthage, kumene lero ndi Tunisia. Origen ndi Athanasius anali a ku Alexandria. Augustine anali bishopu wa Hippo, ku Algeria wa lero, mpaka imfa yake mu 430. Kalata ya Pasaka imene Athanasius analemba mu 367 ndi yoyamba imene tili nayo yondandalika mabuku 27 a Chipangano Chatsopano monga mmene alili lero. Semina zambiri zimakathera pa misonkhano ikuluikulu ya mabishopu: Nicaea mu 325, Constantinople mu 381, Ephesus mu 431 ndi Chalcedon mu 451.

Ntchito yake imachuluka bwanji?

Tiyambe ndi masamu. Malamulo a maphunziro apamwamba amene Mozambique inakhazikitsa mu 2010 anaika crédito imodzi kukhala maola 25 mpaka 30 a ntchito ya wophunzira. Ndiye cadeira (phunziro) ya créditos 5 ndi maola osachepera 125. Tiyerekeze kuti mumakumana maola 4 pa mlungu kwa milungu 16. Amenewo ndi maola 64 okha. Otsalawo ndi anu, a ku laibulale ndi a usiku pa nyale. Amene ali ndi mpingo woti aziuyendera, maliro oti akayendetse ndi munda woti aupalire ayenera kuwapezera malo maola amenewa semesita isanayambe.

Ntchito zimene zimapatsidwa malikisi nthawi zambiri ndi zamitundu inayi kapena isanu. Pali ficha de leitura, tsamba limodzi losonyeza kuti mwawerenga ndipo mwapezamo funso. Pali tsiku lanu lotsogolera zokambirana. Pali kusanthula chikalata chimodzi m'masamba ochepa. Pali teste. Ndiye pali chimangirizo chachikulu cha kumapeto, chimene chimafuna mutu wanuwanu, mabuku angapo ndi kusonyeza kumene mwatenga mfundo iliyonse. Kulemera kwa chilichonse kumalembedwa pa pulogalamu ya cadeira imene aphunzitsi amagawa mlungu woyamba. Pepala limenelo musakulungire mandasi.

Nanga malikisi amawerengedwa motani?

Ku Mozambique malikisi amayambira pa 0 kulekezera pa 20, ndipo 10 ndiye pokhozera. Ku Universidade Eduardo Mondlane, kumene sukulu zambiri zimatengerako chitsanzo, 10 mpaka 13 ndi suficiente, 14 mpaka 16 ndi bom, 17 ndi 18 ndi muito bom, 19 ndi 20 ndi excelente. Amene anaphunzira ku Malawi, kumene anazolowera maperesenti, asathamangire kuchulukitsa ndi 5 n'kumadandaula kuti 14 ndi 70 basi. M'phunziro lolemba zimangirizo 14 ndi malikisi abwino, ndipo 18 saoneka kawirikawiri.

Chinthu china chofunika kuchimvetsa ndi média de frequência, avereji ya ntchito zonse za mkati mwa semesita. M'sukulu zambiri amene sanafike 10 pa avereji imeneyi saloledwa n'komwe kulowa mayeso omaliza. Amene wafika 10 amalemba, ndipo amene wafika 14 kumalo ambiri amakhululukidwa mayesowo. Kasakanizidwe ka avereji ndi malikisi a mayeso kamasiyana sukulu ndi sukulu, ndipo kamapezeka mu regulamento pedagógico, limodzi ndi chiwerengero cha masiku amene mungajombe. Tanthauzo lake ndi lakuti semina siikhozedwa ndi usiku umodzi woloweza. Ma ficha aang'onoang'ono a mu March ndi amene amatsegula kapena kutseka chitseko cha mayeso a mu June.

Chimasiyanitsa pepala la 11 ndi la 16 n'chiyani, ngati onse awerenga chikalata chimodzi?

Titenge chitsanzo chimene pafupifupi semina iliyonse imagwiritsa ntchito. Cha mu 112, Pliny, bwanamkubwa wa chigawo cha Bithynia ndi Pontus, kumpoto kwa Turkey wa lero, analembera mfumu Trajan kufunsa mmene angaweruzire Akhristu. Anafotokoza kuti ankawafunsa katatu, ndipo okakamira ankawapha, kupatula nzika za Roma zimene ankazitumiza ku likulu. Amene anavomera kufukiza lubani ndi kuthira vinyo pamaso pa fano la mfumu n'kutukwana Khristu ankawamasula. Anazunza akapolo aakazi awiri, atumiki a mumpingo, kuti aulule zimene zimachitika m'misonkhano yawo. Amene anali atasiya Chikhristu anali atamuuza kale kuti Akhristu amakumana mbandakucha pa tsiku loikika, kuimbira Khristu nyimbo monga kwa mulungu, ndi kulumbira kuti saba, sachita chigololo, sakana ngongole ya zimene anasungitsidwa. Trajan anayankha kuti Akhristu asachite kusakidwa, ndipo makalata onenera anthu opanda dzina la wolemba asalandiridwe.

Pepala la 11 limabwereza zimenezi molondola, n'kutsiriza ndi ndime yolimbikitsa kuti nafenso tikhale olimba. Silinalakwe kanthu, koma silinafunse kanthu. Pepala la 16 limaona kuti Pliny akuchita kufunsa, zimene zikusonyeza kuti panalibe lamulo lomveka la ufumu wonse lothana ndi Akhristu, kotero chithunzi chakuti mpingo unkasakidwa tsiku ndi tsiku kwa zaka 300 n'chofunika kuchikonza. Limaona kuti akutchula za akachisi amene anali atayamba kusowa anthu ndi nyama ya nsembe imene inkasowa ogula, n'kufunsa kuti kodi amene ankakanenera Akhristu anali ansembe okha kapena panalinso amalonda. Limaona akazi awiri aja, akapolo koma a udindo mumpingo, n'kufunsa kuti zikutiuza chiyani za utsogoleri wa nthawiyo. Limakumbukiranso kuti zambiri za chipembedzocho Pliny anazimva kwa anthu amene anali atachisiya kale ndi kwa anthu ozunzidwa, ndipo mboni zotere zimanena zimene zingawapulumutse.

Aphunzitsi ochonga ali ngati wogula mbatatesi pa Lizulu, amene sakhutira ndi zikuluzikulu za pakamwa pa thumba koma amapisa dzanja mpaka pansi. Mawu okoma a m'ndime yoyamba sawasokoneza. Amafuna kuona ngati mwanena kuti analemba ndani, liti, kulembera yani, ndipo ankafuna chiyani. Ngati mfundo iliyonse ili ndi malo ake m'chikalata. Ndiponso ngati mwasiyanitsa zimene chikalata chikunena ndi zimene inu mukuganiza. N'chimodzimodzi ndi Eusebius wa ku Caesarea, amene mabuku ake 10 a mbiri ya mpingo ndi amene anatisungira zolemba zambiri zimene zikanatayika. Iye ankaitama kwambiri mfumu Constantine. Womuwerenga ngati nyuzipepala yopanda mbali adzatsalira pa 12.

Ine ndine wa Reformada. Chikalata chikamakomera Akatolika, ndilembe zotsutsana ndi chikhulupiriro changa kuti ndikhoze?

Ayi, koma musachipinde chikalata kuti chikomere kwanu. Ignatius amalimbikira kuti mpingo wa mumzinda uliwonse ukhale pansi pa bishopu mmodzi, ndipo zimenezo muyenera kuzilemba monga zilili. Koma 1 Clement ndi Didache zimakamba za atsogoleri angapo mumpingo umodzi, ndipo Jerome, patapita zaka pafupifupi 300, ankati poyamba mkulu ndi bishopu anali udindo umodzi. Mnzanu wa Katolika wochokera ku Lifidzi kapena ku Fonte Boa nayenso ayenera kuzilemba zimenezo monga zilili. Amene amakhoza bwino ndi amene amasonyeza kuti mipingo ya ku Antioch, ku Roma ndi ku Syria sinkayendetsedwa mofanana, n'kufotokoza mmene dongosolo limodzi linadzapambanira. Mukafuna kuikapo maganizo anu, malo alipo kumapeto, bola muwatchule kuti ndi anu. Ndimaona kuti mbali imeneyi ndi imene imapindulitsa kwambiri m'busa wamawa, chifukwa chikhulupiriro cha ku Nicaea amachivomereza onse awiri, ndipo Augustine onse amamutcha wawo.

Malikisi a kuyankhula m'kalasi si kukondera anthu olongolola? Nanga mnyamata angatsutse bwanji mkulu wa mpingo pagulu?

Funso limeneli ndi lenileni kwathu kuno. M'kalasi imodzi mumatha kukhala mlaliki wa imvi, mphunzitsi wa sukulu ya pulayimale, mayi wa chigwirizano ndi mnyamata amene wangomaliza kumene kalasi ya 12. Mwambo umati wamng'ono adikire, ndipo mwa Angoni a ku Angónia mwambowu ndi wolimba. Semina yoyendetsedwa bwino siwerenga kuti wayankhula kangati. Imayang'ana ngati zimene mwanena zabwezera anthu ku chikalata. Njira yaulemu ilipo, ndipo ndi yomweyo imene imapatsa malikisi: m'malo monena kuti abambo alakwitsa, mumati, "Abambo, mundithandize, pa ndime yachitatu ndikuona ngati wolembayo akunena zina." Mkuluyo simunamuchotse ulemu, ndipo kalasi yonse yaweramira pa pepala. Aphunzitsi amene amalola anthu awiri okha kulamulira zokambirana semesita yonse, kenako n'kudula malikisi a amayi amene anakhala chete, ndi amene alephera ntchito yawo.

Kodi ndingalembe chimangirizo changa pa za kwathu ku Angónia?

Mutu uyenera kukhala wa mpingo woyamba, koma mafunso mutha kuwatenga kwanu, ndipo apa wophunzira wa ku Ulongwe ali ndi mwayi umene wa ku Lisboa alibe. Amishoni a Dutch Reformed anatsegula Mphatso mu 1909, boma la Apwitikizi n'kutseka ntchito yawo mu 1922. Kwa zaka pafupifupi 50 Akhristu a mpingowu anakhala opanda abusa awoawo, akulu a mpingo ndi amene ankasunga nkhosa, ndipo ofuna ubatizo ndi mgonero ankaoloka malire kupita ku mipingo ya ku Malawi. Nkhondo ya pachiweniweni, imene inatha ndi pangano la ku Roma la pa 4 October 1992, inabalalitsanso anthu a ku Angónia kupita ku Dedza ndi ku Ntcheu. Kumbali ya Katolika, ansembe awiri a chipani cha Yesu, João de Deus Kamtedza ndi Sílvio Moreira, anaphedwa ku Chapotera pa 30 October 1985.

Munthu amene anakulira m'nkhani zimenezi amamva msanga vuto la Cyprian. Mu 250 mfumu Decius inalamula kuti aliyense apereke nsembe ndi kulandira chiphaso chochitira umboni. Ziphaso zotere zoposa 40 zinapezeka ku Egypt. Akhristu ambiri anapereka nsembe, ena anagula chiphaso kwa akalaliki a boma, ndipo Cyprian mwini wake anathawa kukabisala. Chizunzo chitatha funso linali lakuti ogwawo abwerere bwanji, ndipo awakhululukire ndani: bishopu amene anathawa, kapena amene anavutika m'ndende? Funso lofanana linabukanso pambuyo pa chizunzo cha Diocletian cha mu 303, pa za atsogoleri amene anapereka mabuku opatulika kwa boma, ndipo linagawa mpingo wa kumpoto kwa Africa kwa zaka zoposa 100. Pa msonkhano wa ku Carthage wa mu 411 panali mabishopu oposa 500 a mbali ziwirizo. Zambiri zimene tikudziwa za mbali imodzi, ya otsatira a Donatus, zinalembedwa ndi adani awo, Optatus ndi Augustine, ndipo wophunzira amene anamvapo mmene obwerera kuchokera ku Malawi ndi otsala ankanenerana sadzavutika kumvetsa chifukwa chake zimenezo n'zofunika kuzikumbukira.

Msampha uli pa kufananiza mopyola. Boma la Apwitikizi linali la Akhristu ndipo linkatseka mpingo umodzi n'kulola wina. Decius ankafuna kuti aliyense alemekeze milungu ya Roma. Mukalemba ngati ziwirizi ndi chinthu chimodzi, malikisi amatsika. Ndime imodzi yosonyeza pamene zikufanana ndi pamene zikulekana ndi yokwanira.

Ndimaganiza m'Chichewa, ndimalemba m'Chipwitikizi, mabuku ambiri ndi a Chingerezi. Kodi galamala idzandigwetsa?

Yokha siikugwetsani, pokhapokha itabisa mfundo. Ziganizo zazifupi zomveka zimaposa zazitali zokongoletsa zimene mwini wake sangazimasulire. Mabuku a Chipwitikizi alipo: kampani ya Paulus ya ku Brazil inamasulira zolemba zambiri za makolo a mpingo mu mndandanda wake wa Patrística, ndipo mbiri ya Chikhristu ya Justo González ilinso m'Chipwitikizi. Zomasulira zakale za Chingerezi zotchedwa Ante-Nicene Fathers zili pa intaneti kwaulere, ngakhale Chingerezi chake n'cha m'zaka za m'ma 1800. Chofunika ndi kutchula kuti mwagwiritsa ntchito kumasulira kwa yani, poti zolemba zenizeni ndi za Chigiriki ndi Chilatini, ndipo omasulira samvana paliponse. Njira imodzi yodziyesa: musanalembe, mufotokozereni mnzanu mfundo yanu yaikulu m'Chichewa m'ziganizo ziwiri. Mukalephera, vuto si Chipwitikizi.

Nanga kukopera pa intaneti?

Kumapatsa 0, ndipo malamulo a sukulu amatha kuonjezera chilango china. Mu semina kubisala n'kovuta, chifukwa aphunzitsi akumvani mukuyankhula semesita yonse ndipo akudziwa mmene mumaganizira. Mapulogalamu amakono olemba okha amatha kupeka buku limene kulibe ndi mawu amene Tertullian sananene, ndipo funso limodzi lakuti ndime imeneyi mwaipeza pati limaulula zonse. Kwa munthu wotumidwa ndi sinodi, mlanduwo suthera pa sukulu.

Ndikalephera, ndiye kuti zathera pomwepo?

Zimatengera pamene mwagwera. Amene analowa mayeso omaliza n'kulephera amakhala ndi mwayi wachiwiri, exame de recorrência, umene kawirikawiri umalipiridwa padera ndipo umabwera patangopita masiku ochepa zotsatira zitatuluka. Amene avereji yake ya mkati mwa semesita sinafike pa mlingo alibe mwayi umenewo, amabwereza cadeira yonse ikadzaperekedwanso, ndipo ngati ndi cadeira imene ina ya chaka chotsatira imadalira, zonse zimachedwa. Malamulo a sukulu zambiri amalolanso kupempha kuti pepala la mayeso lionedwenso, koma masiku ochitira zimenezi amakhala owerengeka, kotero amene wathamangira kumudzi kukakolola pauta isanakhomedwe amabwera nthawi itatha. Kwa akulu a mpingo amene akulipira fizi, nthawi yabwino yofunsa mmene mwana wawo akuchitira ndi pakati pa semesita, malikisi a teste yoyamba ndi a ma ficha atangotuluka, pamene avereji ingathe kukwezedwa.